Kalasi ya mbiri ya m'Baibulo ya Loweruka ku Chitawira: phunziro la Kedara linali bho, koma konzani nthawi ndi mafotokope

Anthu angapo akhala akundifunsa za kalasi ija ndimapita Loweruka m'mawa, ena akuganiza kuti ndi koleji ya ubusa, ena akuti mwina ndi mpingo watsopano ukuyamba mobisa, ena akungofuna kudziwa ngati K20,000 yake siyongotaya m'madzi. Nde mmalo moyankha mmodzimmodzi ndangoti ndilembe pano zonse, zabwino ndi zokhumudwitsa zomwe, aliyense aone yekha. Dzina la abusa ake komanso la sukulu yomwe amabwerekako chipinda sinditchula, pali zina ndidandaule mmusimu nde sindikufuna zioneke ngati ndikuipitsa munthu wamkulu.

Ndi kalasi ya mbiri ya anthu ndi mitundu ya m'Baibulo, si maulaliki ayi komanso si mapemphero a machiritso. Amaphunzitsa ndi abusa ena opuma, achikulire ndithu imvi mbuu, amayankhula motsitsa mawu moti ukakhala kumbuyo uvutika. Malo ake ndi pa sukulu ina ya pulayiveti cha ku Chitawira, sipatali ndi pa Kamba, ukatsika minibasi umangoyenda pang'ono. Gawo lomwe tilimo panopa ndi la mitundu yoyendayenda ya m'chipululu, Amidyani, Aamaleki, Akeni, Arekabu ndi ana a Ismayeli, aja timangowadumpha tikamawerenga chifukwa mayina ake amapota lilime. K20,000 ija ndi ya gawo lonse, muli manotsi ndi tiyi.

Ndiyambe ndi zopweteka kuti zichoke. Nthawi. Pa pepala analemba 8:30 koma sindinaonepo kalasi itayamba 9 koloko isanakwane, pena amene amasunga kiyi wa chipinda sanafike, pena mnyamata wa projekita ali pa kabaza akubwera, pena tikudikira anthu awiri omwe aimba kuti ali pa Ginnery Corner, chonsecho ife ochokera ku Machinjiri ndi ku Bangwe tadzuka m'bandakucha kukwera maminibasi awiri. Ndiye poti chipindacho masana chimalowa kwaya ya pulakatisi, ikangokwana 12 amatitulutsa, nde nthawi yomwe yatayika m'mawa ija imadyedwa ku mafunso. Mipando ndi madesiki a ana a pulayimale, munthu wamkulu maondo amagunda, amayi ena amachita kukhala chammbali. Tiyi ndi wa mandimu ndi sikono imodzi, zimenezo sindidandaula, sitinapitire kudya.

Koma zophunzitsa zake, aaa, pamenepo ndiye ndavula chipewa. Ndikuuzeni za tsiku la Kedara chifukwa ndi lomwe lingakuonetseni mmene bamboyu amagwirira ntchito.

Anangolowa nkulemba pa bolodi dzina limodzi, Kedara, nkufunsa kuti ndani akumudziwa. Kalasi yonse zii, muli akulu ampingo, aphunzitsi a Sande sukulu, amayi a chigwirizano, mnyamata wina yemwe amalalika m'mabasi, palibe anakweza dzanja. Anatiuza titsegule Genesis 25 kuyambira vesi 13, mayi wina anawerenga mopunthwapunthwa ana 12 a Ismayeli aja, Nebayoti woyamba, Kedara wachiwiri, kenako Adibeeli, Mibisamu, Misima, Duma, Masa, Hadadi, Tema, Yeturi, Nafisi ndi Kedema. Kenako 1 Mbiri 1:29, mndandanda womwewo. Nde anati tsekani Mabaibulo, za munthuyo zathera pomwepo. Sanayankhulepo mawu ngakhale amodzi, sitiuzidwa mkazi wake, zaka zake, komwe anafera, kaya anali wamtali kaya wamfupi. Bambo ake timadziwa kuti anakhala zaka 137, agogo ake ndi Abrahamu ndi Hagara, koma iyeyo ndi dzina chabe pa mzere.

Ine mumtima ndinati nde K20,000 yanga yapita kkkk, phunziro la maola atatu pa munthu yemwe alibe nkhani.

Apa mpomwe anatigawa m'magulu, gulu lililonse analipatsa kapepala ka mavesi, tipeze chomwe vesi lililonse likunena za Kedara. Ndipo zinayamba kutuluka zinthu. Ezekieli 27:21 akuti Arabiya ndi akalonga a Kedara ankachita malonda ndi mzinda wa Turo, akugulitsa ana ankhosa, nkhosa zamphongo ndi mbuzi. Yesaya 60:7 akutchula nkhosa za Kedara pamodzi ndi nkhosa zamphongo za Nebayoti. Yesaya 21:16 ndi 17 akuti pasanathe chaka ulemerero wa Kedara utha, ndipo akatswiri ake a uta atsala ochepa. Yesaya 42:11 akutchula midzi yomwe Kedara amakhalamo, kutanthauza kuti sikuti onse ankangoyendayenda ayi. Yeremiya 2:10 Mulungu akuuza Aisraeli kuti pitani kumadzulo ku zisumbu za Kitimu, tumizani anthu kum'mawa ku Kedara, mukaone ngati kuli mtundu unasinthapo milungu yake. Salmo 120:5 munthu akudandaula kuti tsoka iye akukhala pakati pa mahema a Kedara, anthu okonda nkhondo. Pofika pamenepa bolodi linali litadzaza, nkhosa, mbuzi, ngamila, mahema, mauta, malonda, midzi, akalonga. Abusawo anajambula mzere pakati, mbali ina analemba munthu, mbali ina mtundu. Kumbali ya munthu kunali mavesi awiri okha aja, ena onse anapita ku mtundu. Ndipo anati lamulo la kalasi ino ndi limeneli, musamasakanize mbali ziwirizi, zomwe zili za mtundu musamamupachike munthu.

Chinthu chomwe sindidzaiwala ndi kansalu. Anatulutsa m'chikwama kachidutswa kokula ngati chikhatho, kakuda kofiirira pang'ono, akuti anakagula ku Jordan atapitako ndi gulu la abusa kalekale. Ndi nsalu yolukidwa ndi ubweya wa mbuzi, yomwe anthu a m'chipululu amapangira mahema mpaka lero. Kanazungulira m'manja mwa tonse, nkokhakhala koyabwa, kolemera kuposa mmene ukuonera, ndipo fungo la mbuzi likadalimo ndithu. Anatiuza tikayang'anitse ku windo, umaona timabowo ting'onoting'ono kuwala kukudutsa. Kenako anathirapo madzi a m'botolo nkukasiya pa desiki, patapita kanthawi anati yang'ananinso, ubweya uja watupa timabowo tachepa. Akuti ndi mmene hema limagwirira ntchito, kukatentha mphepo imadutsa, mvula ikagwa limadzitseka lokha. Nde anatiwerengetsa Nyimbo ya Solomo 1:5 pomwe mtsikana uja akuti ndine wakuda koma wokongola ngati mahema a Kedara. Vesi limeneli ndalimva pa maukwati kambirimbiri koma hema lake ndinali ndisanaligwirepo.

Pomwepo mayi wina wa chigwirizano anakweza dzanja. Anati, abusa, ndiye kuti ife anthu akuda kholo lathu ndi Kedara? Poti kwathu mlaliki wina anatiuza choncho. Abusawo sanaseke, anati amayi, werengani vesi lotsatira. Vesi 6 mtsikanayo akunena yekha kuti dzuwa ndi lomwe lamudetsa, alongo ake anamuika kulondera minda ya mpesa. Nde anati chakuda apa ndi hema, ndipo hemalo lada chifukwa mbuzi zake nzakuda, vesili silikukamba za komwe Achewa kapena Alomwe anachokera, ndipo anthu a Kedara ankakhala kumpoto kwa Arabiya ndi chipululu cha Siriya osati kuno. Mnyamata wolalika m'mabasi uja naye anafunsa za mzimu wa Kedara, akuti pali mapemphero amachitika othyola mzimu wa Kedara womwe umatseka mwayi wa munthu, amatenga pa Yesaya 21 paja akuti ulemerero wa Kedara utha. Abusa anati achimwene, Yesaya ankanena za anthu enieni, okhala ndi ana ndi ziweto, omwe asilikali ankabwera kudzawathira nkhondo, kupemphera pempherani koma vesi limeneli musalikakamize kunena zomwe silikunena. Mnyamatayo sanakhutire, nkhope inaonetsa, koma sanapeze poyankhira.

Ine apa mpomwe ndinaona kuti ndalama yanga ikugwira ntchito. Mu Blantyre muno ophunzitsa Baibulo ndi ambiri, pa wailesi, pa Facebook, pa ma roundabout, koma woti akuuze kuti apa mawu athera pano ndisawonjezere, ndi osowa.

Titamwa tiyi anatembenukira ku zolemba za kunja kwa Baibulo, gawo lomwe ambiri sitinkadziwa nkomwe kuti liliko. Mafumu a Asuri ankalemba za nkhondo zawo pa miyala ndi pa mapale adongo, zambiri zinafukulidwa ku Iraq ndipo zina zili ku British Museum ku London. Anayamba ndi chaka cha 853 Yesu asanabadwe, nkhondo ya ku Qarqar ku Siriya, komwe mfumu Shalmaneser III analemba mndandanda wa adani ake, mulinso Ahabu wa Israeli yemwe uja wa Yezebeli, komanso munthu wina dzina lake Gindibu Mluya yemwe anabwera ndi ngamila 1,000. Akuti aka nkoyamba Aluya kutchulidwa m'zolemba zomwe zinapezeka. Koma anachenjeza kuti mwalawo sukunena kuti Gindibu anali wa Kedara, ena amangoganiza choncho. Dzina la Kedara lenilenilo limayamba kuoneka m'nthawi ya Tigilati-Pilesere, yemwe analamulira kuyambira 745 mpaka 727 BC, yemwe uja ali mu 2 Mafumu.

Chomwe chinasangalatsa amayi m'kalasimo nchoti Aluya a nthawi imeneyo ankalamulidwanso ndi akazi. Kuli mfumukazi Zabibe yomwe inapereka msonkho kwa Asuri cha mu 738 BC, kuli Samsi yomwe inachita kumenyana nawo patangopita zaka zochepa, inagonja koma anaisiya pampando atayiikira munthu woyiyang'anira. Mayi wina anati nde za amayi kutsogolera sizinayambe ndi Joyce Banda eti, kalasi yonse kuseka.

Kenako Senakeribu, yemwe uja anaopseza Hezekiya, cha m'ma 690 BC analowa m'chipululu mpaka ku Adummatu, komwe kunali ngati likulu lawo. Malowa alipo mpaka lero, ndi Dumat al-Jandal kumpoto kwa Saudi Arabia, ndipo ambiri amawalumikiza ndi Duma, m'bale wake wa Kedara pa mndandanda uja. Senakeribu anatenga mfumukazi komanso mafano awo nkupita nawo ku Nineve. Patapita zaka mfumu yawo Hazaeli, osati Hazaeli wa ku Damasiko uja, uyu ndi wina, anapita kwa Esarahadoni mwana wa Senakeribu ndi mphatso kukapempha kuti amubwezere milungu yake. Esarahadoni anaikonzetsa pomwe inaonongeka, analembapo dzina lake ndi mphamvu za mulungu wake Ashur, nkumubwezera, kenako nkumukwezera msonkho wa ngamila. Tangoganizani kulandira mulungu wako atadindidwa dzina la mdani wako. Abusa apa anabwerera ku Yeremiya 2:10 paja, anati mwaona chifukwa chake mneneri akuti pitani ku Kedara mukaone, anthu amenewa mafano awo ankachita kuwalondola mpaka ku Nineve pomwe Israeli Mulungu wake wamoyo ankangomusiya. Sananene kuti Yeremiya ankaganiza za nkhani ya Hazaeli yomweyi ayi, anangoti zikugwirizana ndi khalidwe lomwe vesilo likufotokoza.

Ya Ashurbanipal ndiye inali yoseketsa komanso yomvetsa chisoni. Mfumu imeneyi inamenyana ndi Akedara kangapo ndipo inadzitama kuti inalanda ngamila zochuluka mpaka mtengo wake ku Asuri unagwa, ngamila kugulidwa ndi sekeli imodzi kapena osakwana, wogulitsa mowa kulandira ngamila posinthana ndi mtsuko, wa dimba posinthana ndi ndiwo zamasamba. Inalembanso kuti mfumu ina ya Aluya inaimanga unyolo wa galu m'khosi nkuyiika pa chipata cha Nineve kuti izilondera. Abusa anati mafumu a Asuri polemba sankavomera kuti agonja ndipo manambala ankakokomeza, nde tiziwerenga mochenjera, koma taonani, ngati ankabwererabwerera kukamenyana ndi anthu omwewo ndiye kuti sankatha. Vuto la Asuri linali loti mdani wake alibe mzinda woti uuzinge, akamva kuti mukubwera amazula mahema nkulowa mkati mwa chipululu komwe zitsime akuzidziwa ndi iye yekha, nchifukwa chake Ashurbanipal ankaika asilikali pa zitsime kuti ludzu liwatulutse. Ndipo sikuti ankalimbirana mchenga, njira za malonda a lubani ochokera kummwera kwa Arabiya kupita ku Siriya ndi ku nyanja zinkadutsa m'manja mwa anthu amenewa.

Bambo wina, ndi mphunzitsi wa sekondale, anafunsa funso lomwe ndimaona ngati ena akanaopa. Anati abusa, Abrahamu amaikidwa cha m'ma 2000 kapena 1800 BC, Kedara ndi mdzukulu wake, koma mtunduwu mukuti ukuyamba kuoneka m'ma 700, nanga zaka 1,000 zapakatizi zili kuti? Ine ndimati mwina apsa mtima kapena anena kuti ingokhulupirirani. Ayi. Anati funso lanu ndi labwino, ndipo palibe mwala kapena phale lomwe linapezeka lotchula munthu dzina lake Kedara mwana wa Ismayeli. Chomwe tili nacho ndi Genesis yemwe akuti mtunduwu unachokera mwa iyeyo, ndipo ine monga mkhristu ndimalandira, koma pali akatswiri ambiri omwe amati mndandandawo ndi njira yomwe anthu akale ankafotokozera ubale wa mitundu, mitundu yoyandikana kuitchula ngati ana a bambo mmodzi. Anapereka chitsanzo cha konkuno, anati mukati ndikupita kwa Machinjiri kapena kwa Kapeni, dzinalo ndi la mfumu, ndi la mpando, ndi la malo, ndi la anthu onse okhala kumeneko, ndipo sikuti aliyense wa kwa Machinjiri anabadwa m'nyumba ya mfumuyo. Nde anati Genesis 25:16 payekha akunena kuti mayinawa ndi monga mwa midzi yawo ndi misasa yawo, akalonga 12 monga mwa mitundu yawo, ndipo Duma ndi Tema ndi malo odziwika, Tema ndi Tayma komwe mfumu Nabonidus ya ku Babulo inakakhala zaka pafupifupi 10. Anatisiya choncho, aliyense asankhe poima. Akulu ampingo ena sizinawakomere, mmodzi potuluka ndinamumva akung'ung'udza kuti kumeneku nkufooketsa chikhulupiriro. Kwa ine ayi ndithu, bola kumva zimenezi kwa abusa m'kalasi kusiyana nkuti mwana wako akazimvere pa YouTube iwe ulibe choyankha.

Za Nebukadinezara anadutsapo mwachangu poti nthawi inali itatha kale. Yeremiya 49:28 kupita mmusi akuti nyamukani mukathire nkhondo Kedara, mutenge mahema, ziweto ndi ngamila zawo, mtundu wokhala mosatekeseka wopanda zitseko ndi mipiringidzo. Ndipo zolemba za ku Babulo zimati cha mu 599 BC Nebukadinezara anatumizadi asilikali m'chipululu kukalanda katundu, ziweto ndi milungu ya Aluya. Basi, mphindi zisanu, anapitirira.

Pachimake panali pa Gesemu. Tonse timamudziwa, Sanibalati, Tobiya ndi Gesemu Mluya, adani a Nehemiya aja timawatchula tikamasonkha ndalama zomangira tchalitchi. Nehemiya anafika ku Yerusalemu mu 445 BC, ndipo atatuwa anayamba ndi kumuseka, kenako Sanibalati ndi Gesemu kumuitana kuti akakumane ku chigwa cha Ono, iye nkukana kanayi konse. Ine ndinkangomutenga Gesemuyu ngati kamunthu kansanje kapafupi pomwepo. Koma mu 1947 ku Tell el-Maskhuta, kum'mawa kwa Iguputo, kunapezeka mbale zasiliva zomwe anthu anapereka kwa mulungu wawo wamkazi, ndipo imodzi inalembedwa m'Chiaramu kuti yaperekedwa ndi Qainu mwana wa Gesemu mfumu ya Kedara. Mbale imeneyi ili ku Brooklyn Museum ku New York. Akatswiri ambiri amati ndi Gesemu yemweyo wa Nehemiya poti nthawi ikugwirizana, ngakhale abusa anatsindika kuti ambiri si onse. Ngati ndi yemweyo ndiye kuti Nehemiya sankalimbana ndi munthu wamba, ankalimbana ndi mfumu yomwe mphamvu zake zinkafika mpaka m'malire a Iguputo, ndipo Yerusalemu wokhala ndi linga akanasokoneza zinthu pa njira zake za malonda. Nkhani ya masiku 52 omangira linga ija inamveka mwa mtundu wina.

Nde tangoganizani, pa nthawi yomweyi yoti tione chithunzi cha mbaleyo magetsi anathima. Projekita zii. Jenereta palibe, laputopu batire lake linafa kalekale imangogwira ili pa moto. Tinachita kuzungulira foni ya abusa, anthu oposa 20 kuyang'ana kasikirini kosweka pakona, zilembo zake osaoneka nkomwe. Kuthima kwa magetsi si mlandu wawo, koma mu Blantyre muno aliyense amadziwa kuti zimachitika, chithunzi chofunika chonchi bwenzi atachisindikiza pa pepala lalikulu mitundu yake ikuoneka bwino nkuchimata pa khoma. Pa ndalama zomwe tonse tinapereka sizingalephereke.

Ndi pamenepo ndifike pa manotsi, omwe kunena zoona ndi mbali yofooka kwambiri. Ndi mafotokope a mafotokope, mapu ake nyanja ndi mtunda zonse zakuda bii, Dumat al-Jandal ndinachita kukaipeza ndekha pa Google Maps kunyumba. Ali m'Chingerezi okhaokha chonsecho kalasi imaphunzitsidwa m'Chichewa ndipo amayi ena achikulire amangowapinda nkuika m'Baibulo. Choipa kwambiri nchoti pena amatsutsana ndi zomwe mwini wake akunena. Pa tsamba lina palembedwa motsimikiza kuti Nebayoti ndi kholo la Anabateya omwe anamanga Petra ku Jordan, pomwe m'kalasi anatiuza kuti akatswiri ambiri masiku ano amakayika zimenezo. Titawafunsa anati pepalalo ndi lakale anakopera kwina. Chabwino, koma munthu yemwe anajomba tsiku limenelo akaphunzitsa za papepala ku Sande sukulu. Pa gulu la WhatsApp amatumizako mavoisi obwereza phunziro, amathandiza, koma ndi aatali mpaka mphindi 40 amadya bandulo, komanso gululo alibe woliyang'anira nde mavoisiwo amakwiririka ndi zithunzi za m'mawa wabwino ndi anthu otsatsa zitenje.

M'kalasi mwathu mulinso bambo mmodzi wachisilamu, ali ndi shopu ku Limbe, akuti amakonda mbiri. Tsiku limeneli abusa anamupatsa mpata, anati bambo, tiuzeni kwanu mumati chiyani. Iye anafotokoza mwaulemu kuti olemba mibadwo achisilamu amalondola mzera wa Mtumiki Muhammad kudzera mwa Adnan mpaka kwa Ismail, ndipo pa mwana wa Ismail amasiyana, ena amati Qaydar ena amati Nabit, komanso kuti mayina a pakati pa Adnan ndi Ismail ngakhale akuluakulu awo samagwirizana. Panalibe kukangana, palibe anayesa kutembenuza mnzake. Mnyamata wa m'mabasi uja anayamba kufuna kulowetsa zina koma abusa anangokweza dzanja nkunena kuti achimwene, pano si pa msonkhano wachitsitsimutso. Ndinazikonda, tikukhala limodzi mu town muno, timagulana zinthu, timaikana maliro, ndi bwino kudziwa zomwe mnzako amakhulupirira kuchokera pakamwa pake.

Pali pomwe ine sindinagwirizane nawo kaphunzitsidwe. Hagara anangomutchula kamodzi nkudutsa, chonsecho nkhani yonseyi yatsamira pa lonjezo lomwe mayi ameneyu analandira m'chipululu, komanso Genesis 17:20 pomwe Mulungu akuuza Abrahamu kuti Ismayeli adzabala akalonga 12. Munthu akhoza kutuluka m'kalasimo akudziwa Ashurbanipal koma osadziwa chifukwa chake Baibulo linavutikira kulemba mayina a ana a mdzakazi wothamangitsidwa. Abusawa mafumu a Asuri amawakonda mopitirira, akayamba mayina ndi zaka amathamanga osayang'ana kumbuyo, agogo ena amangogwedeza mutu cholembera chili phee. Komanso mathero a Akedara sanawafotokoze bwino, anangoti pofika m'ma 300 BC Anabateya ndi omwe anayamba kumveka m'dera limenelo ndipo dzina la Kedara linayamba kuzilala, kwaya inali itaima kale pakhomo ndi ng'oma zawo.

Nde ndani apite? Ngati mumaphunzitsa Sande sukulu, mumatsogolera mlaga kapena mphakati, mumalalika, kapena mumangokonda kuwerenga Chipangano Chakale koma mayina amakubalalitsani, pitani, simudandaula. Ngati mukufuna ulosi wa dzina lanu, kuthyola matemberero a m'magazi kapena kumva kuti mtundu wanu ndi fuko lotayika la Israeli, sungani ndalama yanu, mukangokhumudwa ndipo mukachedwetsa anzanu ndi mikangano. Satifiketi amapereka kumapeto koma ndi yosindikiza pa kompyuta wamba, siyingakupezetseni ntchito kapena udindo kulikonse ndipo iwo eni amanena poyera, nde musalipire chifukwa cha pepalalo.

Kulipira ndi pa Airtel Money kapena Mpamba, kapena kesh pakhomo, koma mukapereka kesh kakamirani risiti poti amalemba m'kope wamba ndipo mayi wina anachita kufunsidwa kawiri. Amalola kupereka theka poyamba. Tengani Baibulo lanu la pepala, la pa foni limachedwetsa poti mumadumphadumpha mabuku, kaya ndi Buku Lopatulika kaya Buku Loyera onse amalandira. Tengani kope, cholembera ndi kachitenje koyala pa desiki, fumbi la choko ndi lambiri. Khalani kutsogolo. Pa 10 ine ndikupereka 8, ziwirizo zapita chifukwa cha kuchedwa ndi mafotokope aja.

Loweruka likubwerali akuti ndi la Yonadabu mwana wa Rekabu, Yeremiya 35, uja analamula zidzukulu zake kuti zisamange nyumba, zisadzale mbewu, zizikhala m'mahema ndipo zisamwe vinyo mpaka kalekale. Abusa ati abweretsa mafunso okhudza lamulo la vinyolo, ndipo azibambo atatu alemba kale pa gulu kuti tsiku limenelo ali ndi chinkhoswe ku Lunzu.